Makope Anayi pa Pepala Limodzi

Kalata ija inafika pa esiteti ya Nambiranje tsiku Lolemba, m'mwezi wa Juni chaka cha 1934, chiperoni chitakuta mizere ya tiyi moti ukatambasula mkono zala zako unkangozikhulupirira kuti zilipo. Inali ya Bizwick, kalaliki wa pa sikelo, mwamuna wa khosi lalitali, wosakwatira, amene pensulo yake inkagona kukhutu ngati inabadwira komweko. Anakaitsegulira kuseri kwa shedi yoyezera masamba, naiwerenga katatu milomo ikugwedera.

Inachokera kwa mzungu wina wa ku mishoni amene ankasindikiza mabuku. Miyezi ingapo m'mbuyomo Bizwick anali atamulembera kuti, bwana, ine kuno ndalemba buku la chikondi, makope anayi odzaza mpaka pa chikuto. Tsono yankho lake linali lakuti: "Musatumize makope anuwo. Tumizani chidule chake pa pepala limodzi: anthu ake ndani, zikuchitikira kuti, chikuwasautsa n'chiyani, ndipo zitha bwanji. Chikhale m'Chingerezi, chotayipa pa makina, pakuti okachiwerenga ali kutsidya la nyanja."

Pepala limodzi! Makope anayi, zaka ziwiri za inki, alowe pa pepala limodzi ngati mbuzi yolowa m'chikwatu cha nkhuku.

Koma vuto lenileni silinali limenelo. Nkhani ya m'makopemo Bizwick sanaipeke. Munthu wa pa sikelo amalemba chimene singano yaloza, ndipo iye kupeka sankakudziwa ngakhale pang'ono. Anangotenga nkhani ya mlongo wake wamkulu, Eneless, ndi mwamuna wake Jonas, n'kuikhuthulira m'makope monga inalili. Mayina okha ndiwo anasintha. Eneless anamutcha Marita. Jonas anamutcha Yona. Kubisa kwake kumeneko! Njovu kubisala kuseri kwa mpiru.

Jonas anali wa kwa Mphuka, anabwera pa Nambiranje kudzakhala chikamwini. Tsiku lina kapitawo anakwapula Eneless ndi chikoti chifukwa cha masamba okhwima m'dengu, Eneless ali ndi pakati pooneka. Jonas analanda chikoticho, nachidula katatu ndi chikwanje, n'kumubwezera mwini wake zidutswazo ndi manja awiri, mwaulemu. Mzungu wa pa esitetipo, amene anthu ankamutcha Tsabola, anagamula tsiku lomwelo: Jonas achoke, akadzaonekanso apita ku Boma atamangidwa, ndipo nyumba imene idzamusunge idzagwetsedwa, eni ake n'kuthamangitsidwa pa malo a esiteti.

Jonas anachoka ndithu. Koma patapita chaka ndi theka Eneless anabereka mwana wachiwiri, makutu ake a Jonas enieni, otambalala ngati masamba a koko. Akazi a m'mizere anangoti, "Mimba zina zimachedwa," n'kupitiriza kuthyola. Aliyense ankadziwa, ndipo panalibe wonena.

Madzulo a Lolemba lomwelo, dzuwa lisanalowe, Bizwick anakhala pakhonde la nyumba ya Eneless ndi pepala pa bondo. Anachotsa mbalame zonse zoimba m'mitengo. Anachotsa mwezi, umene m'makope muja unkatuluka pafupifupi tsamba lililonse. Anachotsa misozi, maloto, ndi nyimbo ya kumtsinje. Atayang'ana zotsala, thupi linachita tsembwe pang'ono. M'makope nkhani ija inali itafunda bwino. Apa inali mbulanda: mwamuna woletsedwa, mkazi womubisa, esiteti yakutiyakuti. Koma tsembwelo analiyesa kuzizira kwa chiperoni.

Chimene chinamuimitsa ndi mathero. Kope lachinayi linathera panjira, chifukwa eni nkhani anali asanamalize.

"Achemwali," anatero, "kodi inu ndi alamu, zimenezi zidzatha bwanji?"

Eneless anali akupeta nyemba. Lichero linaima m'malere. Anayang'ana kumanja, kumanzere, mpaka ku nthochi za kuseri.

"Alamu ake ati? Ine ndilibe mwamuna. Funsani ku ofesi."

"Ayi, ndikungofunsa za m'tsogolo."

"Zam'tsogolo zili ndi mwini wake. Inu achimwene, mumalembalemba chiyani masiku onsewa? Masamba a tiyi sanathe kulembedwa?"

"Ndi za sukulu."

"Sukulu munaisiya ndevu zisanamere. Mundimvere: pakamwa panu ndimapadziwa, mpotseka. Koma chala chanucho sindichikhulupirira."

Bizwick anaseka, Eneless sanaseke.

Makina otayipira pa esiteti yonse anali amodzi, ndipo owagwira anali a Fabiano, kalaliki wamkulu. Bambo ameneyu sankakweza mawu, sankathamanga, sankatuluka thukuta. Nsapato zake zinkalira kwiii, kwiii, koma ukazimva ndiye kuti wafuna yekha kuti uzimve. Chingerezi ankachilankhula mpaka Tsabola kugwedeza mutu, ndipo chilichonse cholowa m'khutu la a Fabiano m'mawa, pofika masana chinkatulukira m'khutu la mzungu. Zimenezi Bizwick ankazidziwa bwino lomwe. Koma munthu amene walemba buku ali ngati nkhuku yoikira, sangakhale chete.

Lachiwiri masana, Tsabola atapita kukadya ndi kukagona tulo take ta masana, Bizwick anaima pakhomo la ofesi chipewa chili m'manja.

"Odi, akuluakulu."

"Lowani a Sikelo. Yathyoka?"

"Ayi, ili bwino. Ndabwera ndi kapempho."

A Fabiano anawerenga kalata ya ku mishoni, kenaka pepala la Bizwick. Anavula magalasi, nawapukuta ndi nsonga ya tayi, nawavalanso.

"Ha! Tili ndi mlembi wa mabuku pa Nambiranje, ife osadziwa. Khalani pansi aphwanga. Ayi, pampando, osati pa bokosi."

Bizwick anali asanakhalepo pampando wa mu ofesi. Unali wofewa moti msana unaiwala mantha.

"Nkhani ndi yokoma," anatero a Fabiano, akulowetsa pepala loyera m'makina. "Koma chidule chanuchi chili ndi mabowo. Azungu a kutsidya si ana. Mwalemba kuti Yona amabwera kwa mkazi wake mobisa. Amalowa bwanji? Pa esiteti pali alonda. Adzati mlembiyu akunama."

"Sindikunama!"

"Ine sindikutero. Ndi iwowo adzatero."

"Amalowa ndi anthu onyamula nkhuni za ku fakitale, aja amachokera kumidzi."

"Ehee, tsopano ikumveka." Zala ziwiri zinayamba kujompha makina ngati nkhuku pa mphale. Tha, tha, tha. "Tsiku lililonse?"

"Loweruka lokha, masana."

"Loweruka. Chipata chake?"

"Cha kumunsi kwa fakitale."

"Koma nkhope, aphwanga. Munthu wodziwika chotere, mlonda osamuzindikira? Apa owerenga adzaponya pepala pansi."

Apa ndiye Bizwick anawala m'maso, chifukwa malo amenewa ndi amene ankawanyadira m'buku lonse. Anaimirira n'kuchita kuonetsa: mmene Yona amamangira mtolo wa bulugamu, n'kusiya nthambi zamasamba zikulendewera kutsogolo mpaka pachibwano, mmene amatsimphinira mwendo wakumanzere kuti kayendedwe kasamugulitse, mmene akatula mtolo amatsikira m'ngalande ya madzi n'kukatulukira ku nthochi za mkazi wake.

"Nzeru!" anatero a Fabiano. "Mwapeka nokha zimenezi?"

"Ee... ndekha."

"Mutu muli nawo. Nanga amagona kuti? M'nyumba sangagone, alonda amayendera."

"M'nkhokwe, pamwamba pa chimanga."

"Kutuluka kwake?"

"Lamulungu m'mawa, pakati pa anthu opita ku tchalitchi, mwana ali paphewa kumuphimba nkhope."

Tha, tha, tha, ngiii. Makina anafika kumapeto kwa mzere, a Fabiano n'kuwakankha kubwerera. Kunja nkhungu inali itatsika mpaka pawindo, ndipo mu ofesimo munada ngati kukubwera mvula. Bizwick anamva fungo la masamba ofota kuchokera ku fakitale, fungo limene ankalimva tsiku ndi tsiku.

"Chatsala chimodzi," anatero a Fabiano. "Zitha bwanji?"

"Pamenepo ndiye pandivuta, akuluakulu. Sindinapeze mathero."

"Musavutike. Nkhani zotere mathero ake ine ndimawadziwa. Ndisiyireni, mudzatenge Lachinayi."

Bizwick anathokoza kawiri, mpaka kuwomba m'manja. Ali pakhomo anacheuka, naona kuti m'makina muja simunali pepala limodzi. Anali awiri, ndi kaboni wakuda pakati. Anadziuza kuti ndi mwambo wa mu ofesi, kalata iliyonse imakhala ndi inzake. Anadziuzanso kachiwiri ali pa sikelo. Pofika kachitatu pensulo inali itagwa kukhutu osaimva.

Lachitatu lonse anayeza madengu ngati munthu wogwidwa ndi malungo. Mayi wina wokalamba, a Miriam, amene ankathyola mzere woyandikana ndi wa Eneless, anamuyang'ana n'kuti, "A Kalaliki, lero singano mukuiona kapena ikukuonani?" Akazi anaseka. Iye anaona alonda awiri atayima ndi kapitawo kumunsi kwa fakitale, akuloza chipata cha nkhuni ndi ndodo. Mwina ankanena za udzu womera pampanda. Alonda amaloza zinthu zambiri.

Lachinayi masana a Fabiano anamupatsa pepala lija, loyera, mizere yowongoka, dzina lake pamwamba m'zilembo zikuluzikulu. Kukongola kwake! Bizwick anayamba kuwerenga chala chikutsata mawu, pakuti Chingerezi chake chinali choyenda ndi ndodo. Marita ndi Yona analimo. Mtolo, chipata, ngalande, nkhokwe, zonse zinalimo. Kenaka anafika pa mizere itatu yomaliza, imene sanailembe iye.

Inkati: Loweruka lotsatira alonda anaimitsa onyamula nkhuni onse pachipata, nawatulitsa mitolo mmodzimmodzi. Yona anagwidwa n'kupita naye ku Boma. Nyumba ya Marita inagwetsedwa tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe.

Bizwick anakweza maso. A Fabiano anali akusongola pensulo ndi kampeni, tizipalapala tikugwera pa thebulo.

"Akuluakulu, iyi ndi nkhani chabe."

"Inde, nkhani chabe. Ndi yokoma. Bwana nawonso aikonda."

"Mwawaonetsa?"

"Pepala lililonse lotuluka m'makina awa bwana amaliona. Makinawa ndi awo, riboni ya inki ndi yawo, ine ndi wawo. Inu simunadziwe?" Anauzira nsonga ya pensulo. "Ine zaka ziwiri ndakhala ndikuona mwendo wotsimphina uja pawindo ili. Palibe anandifunsa, ine sindinayankhe. Koma chinthu chikalembedwa, aphwanga, chalembedwa. Sindingachiwerenge n'kunena kuti sindinachione."

"Tsono nditani?"

"Lero ndi Lachinayi. Mathero anu akuti Loweruka. Ine ndimangotayipa, kuwerenga masiku ndi ntchito yanu. Tsekani chitseko potuluka, kukuzizira."

Bizwick sanabwerere ku sikelo. Anadutsa m'mizere ya tiyi mame akumunyowetsa mpaka m'chiuno, nakampeza Eneless kumtunda, dengu kumsana, khanda lili pachifuwa. Anamukokera pansi pa mtengo wa mthunzi.

"Achemwali, ndalakwa."

"Mwapatsa mimba mwana wa yani?"

"Ayi. Mverani."

Anamuwerengera pepala lonse, akulitembenuzira m'Chinyanja. Poyamba Eneless ankangoti, "Marita ndani? Wa kwa yani?" Atafika pa mtolo wa bulugamu anasiya kufunsa. Atafika pa nkhokwe anaika dzanja pamutu pa khanda.

"Nkhokwe yanga," anatero Eneless potsiriza, motsitsa mawu. "Mwailemba ndi nkhokwe yanga yomwe."

"Ndinasintha mayina."

"Munasintha mayina! Yona! Mayi anga ine, Yona! Bwenzi mutamutcha Jonas Wachiwiri." Anaseka kuseka kouma, kopanda mano. "Akazi makumi asanu a m'mizere muno, ena odana nane, ena ndinawalanda nkhuni, ena ndinawatukwanira amuna awo, asunga pakamwa zaka ziwiri. A Miriam amamuona akutuluka m'ngalande n'kuyamba kukalipira mbuzi kuti alonda ayang'ane kwina. Tsono wondigulitsa akhale wa bere limodzi, pofuna kuti azungu a kutsidya amuwombere m'manja?"

"Sindinafune zimenezo. Ndinkafuna kuti anthu adziwe mmene inu ndi alamu mumakondanirana."

"Adziwa."

Bizwick anati apita yekha kwa Mphuka kukamuchenjeza Jonas. Eneless anapukusa mutu. Jonas sankagona malo amodzi, ndipo mudzi umene anali sabata imeneyo ankaudziwa ndi mkazi wake yekha.

"Ndiuzeni dzina la mudziwo, ndithamanga."

"Ndikuuzeni inu? Kuti mukaulembe?"

Mawu amenewo anamulasa kuposa chikoti. Eneless anakonza nsalu ya khanda, nayang'ana kumunsi kumene denga la nyumba yake linkaonekera m'nkhungu, nyumba imene mayi awo anaferamo, ndi manda ali kuseri kwa nsungwi.

"Ndikapita, nyumba yapita, pakuti mawa dengu langa likasowa pa sikelo adziwa kuti ndamva. Ndikakhala, mwamuna wapita, nyumbanso yapita. Ndiye mwandisankhira kale, a Kalaliki. Bwererani ku ntchito yanu, asakuoneni muli nane."

Lachisanu m'mawa utsi sunatuluke pa nyumba ya Eneless. Anatenga ana awiri, mphasa, mphika umodzi ndi nkhuku imene inalola kugwidwa. Chimanga chonse chinatsala m'nkhokwe. Kwa mlongo wake sanatsanzike. Pa sikelo nambala yake itaitanidwa, akazi onse anayang'ana pansi, ndipo a Miriam anati, "Akudwala mutu." Bizwick analemba mzere wopanda kanthu.

Tsopano chinatsala n'chakuti, kodi Eneless amupeza Jonas? Kwa Mphuka n'kutali kwa mayi wa ana awiri, njira zake n'zokwera ndi zotsika, ndipo onyamula nkhuni ankanyamuka Loweruka kusanache bwino.

Loweruka chiperoni chinabweranso, chozizira mpaka m'mafupa. Shedi ya sikelo inali pamtunda, chipata cha nkhuni chinkaoneka bwino pamenepo. Alonda anali asanu ndi mmodzi m'malo mwa mmodzi, ndipo awiri anali ndi zingwe zokulunga paphewa. Tsabola anabwera yekha, atavala chijasi, galu wake pambali. A Fabiano anaima pakhonde la ofesi manja kumbuyo, ngati munthu wongoonera nyengo.

Masana mitolo inayamba kutuluka m'nkhungu, umodzi pambuyo pa unzake, miyendo yokha ikuoneka pansi pake.

"Tula! Kweza nkhope! Pita. Wina!"

Bizwick anali ndi dengu la a Miriam pa ngowe ya sikelo, koma maso anali kuchipata. Wachisanu. Wachisanu ndi chitatu. Wakhumi ndi chiwiri. Kenaka kunatulukira mtolo wa nthambi zolendewera mpaka pachibwano, mwini wake akutsimphina.

"Mayo," anatero a Miriam pansipansi.

Alonda atatu anamulumphira nthawi imodzi. Mtolo unagwa uko, munthu uko, galu akuuwa. Atamudzutsa anapeza kuti ndi nkhalamba ya imvi, ya chilonda pachala cha kuphazi, imene inkangofunsa m'Chilomwe kuti yalakwa chiyani. Anaitaya. Anatulitsa ena onse mpaka womaliza, makumi atatu ndi mmodzi. Jonas panalibe.

Bizwick anatulutsa mpweya umene anausunga kuyambira Lachinayi. Koma Tsabola anangoloza kumtunda ndi ndodo yake, alonda a zingwe aja n'kuyamba kukwera.

Kuchokera pa shedi nyumbayo sinkaoneka, nkhungu inali itaimeza. Zinkangomveka. Poyamba mawu a amuna akuwerengera pamodzi kuti akoke. Kenaka kulira kwa mitengo ya denga, kwa nthawi yaitali, pakuti Jonas anaimanga bwino. Kenaka chiphokoso chimodzi chachikulu, ndi nkhuku zotsala zikubalalika. Patapita kanthawi kunamveka china chocheperapo. Imeneyo inali nkhokwe.

Mzere wa akazi pa sikelo sunasunthe. Panalibe wolira, panalibe wotukwana Bizwick. A Miriam anachotsa okha dengu lawo pa ngowe, osadikira kuti awauze kulemera kwake.

Mvula isanagwe chaka chimenecho, anthu a zikhomo anadutsa ndi chingwe chawo pabwalo pamene panali nyumba ya Eneless, nakhoma mizere ya tiyi watsopano mpaka kukafika ku nsungwi za kumanda. Za Eneless zinkamveka kuti ali moyo, iye ndi mwamuna wake ndi ana, kwinakwake kupitirira kwa Mphuka. Akazi a m'mizere mudziwo ankaudziwa dzina, ena ankapitako ndi ufa. Bizwick anafunsa a Miriam kamodzi, nafunsanso kawiri.

"Kaya, a Kalaliki," ankatero. "Ife sitinapite kusukulu."

Ndipo kuyambira pamenepo, akazi akakhala pansi pa mtengo nthawi yopuma, nkhani zili pakamwa, kuseka kuli kwakwakwa, wina akangoona khosi lalitali lija likutuluka m'tiyi ankakhosomola kamodzi. Onse ankayamba kukamba za mvula, mpaka iye atadutsa.